Umboni Uli pa Chitsulo

Ndapatsidwa ulemu wotsegulira chionetsero ichi cha mapisitolo a pankhondo.

Mfundo yanga ndi imodzi: chimene chimapatsa mfuti yakale phindu ndi zidindo za pa chitsulo chake, osati nkhani yokoma imene mwini wake akusimba. Taonani Webley Mk VI, ija yolowa zipolopolo 6, yomwe amaithyola pakati poithira zipolopolo. Asilikali a Britain anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1915. Tsono wina akakuuzani kuti Mk VI yake inalira pankhondo ya ku Karonga mu September 1914, chidindo cha Mk VI chomwecho chamugwira kale bodza. Kachizindikiro konga mutu wa muvi kamasonyeza kuti inali katundu wa boma la Britain. Luger P08, imene gulu lankhondo la Germany linaivomereza mu 1908, kawirikawiri imakhala ndi chaka chopangidwira pamwamba pake, ndipo manambala awiri omaliza a nambala yake anawadindanso pa tizitsulo take tating'onoting'ono. Akasemphana, dziwani kuti mfutiyo ndi yophatikiza. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse Ajeremani anabisa mayina a mafakitale: pa Walther P38, "ac" ndi Walther, "byf" ndi Mauser. N'chifukwa chake ndikupempha inu osonkhanitsa kuti musamapale zida izi pofuna kuti ziwale. Chidindo chikafufutika, palibe mmisiri angachibweze.

Alipo amene akufunsa kuti, kodi chida chophera anthu n'choika m'galasi? Ena akuti pisitolo inali ya msilikali wamkulu wachizungu, pamene agogo athu a King's African Rifles ankanyamula mfuti zazitali, ndipo amtengatenga ankasenza katundu mpaka ambiri kufera m'njira. Akunena zoona, ndipo sindikufuna kupeputsa ululu umenewo. Koma chimenechi ndicho chifukwa chosungira zidazi. Mwana wasukulu akafunsa kuti kamfuti aka kanali m'chiuno mwa yani, yankho lake limutengera kwa amene ankalamula ndi amene ankalamulidwa, mpaka ku chipilala cha asilikali ku Zomba. Tikazitaya, funsolo silifunsidwanso.

Za ngozi, nkhawayo ndi yomveka. Chida chilichonse chikhale m'kaundula wa apolisi, chopanda zipolopolo, chotsekeredwa, ndipo pakhadi lake palembedwe zokhazo zimene zidindo zikutsimikiza.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa.