MTENGO WA MKUWA NDI THUMBA LA UNGA

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa anthu a nchito m'komboni

Ambiri a inu simunalowepo mu mgodi. Ndinu omanga nyumba, oyendetsa mabasi, ogulitsa tomato ndi kapenta pa msika. Kapena mukuti, nanga za mkuwa zindikhudza bwanji ine? Cherani khutu.

Mtengo wa mkuwa wathu saupangira ku Kitwe kapena ku Lusaka ai. Aupangira ku msika wa zitsulo wa ku London. Ukakwera kumeneko, Boma lipeza msonkho wambiri ndipo Kwacha ilimba. Ukatsika, Kwacha ifooka, mafuta ndi feteleza zidula, ndipo mai wa pa msika abwerera kunyumba ndi tomato wace wosagulidwa.

Akulu-akulu muli pano mukumbukira. Mu 1969 ku Matero, a Kaunda analengeza kuti Boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi. Caka cimeneco tinakumba mkuwa woposa matani 700,000. Ndalama zinalipo, ndipo sindinena kuti zinatayika cabe. Tinamanga masukulu ndi zipatala. Tinatsegula mafakitale: mabatire ku Mansa, njinga ku Chipata, mabotolo ku Kapiri Mposhi, magalimoto ku Livingstone. Koma ambiri a mafakitale amenewa anali kugula zipangizo zao kunja ndi ndalama za mkuwa womwewo. Anali ana oyamwa bele limodzi.

Tsono mu 1975 mtengo unagwa. Atsogoleri anayesa kuti ndi bvuto la miyezi yowerengeka, nayamba kukongola poyembekeza kuti ukweranso. Unakhala pansi zaka zambiri, ngongole ikukula. Eni ngongole anati Boma lileke kuthandiza pa mtengo wa unga. Mu December 1986 unga wa bulekifasi unadula kawiri, ku Migodi kunabuka cipolowe, anthu nafa. Mu June 1990 zinacitikanso muno mu Lusaka. Pofika 2000, pamene migodi yaikuru yotsala inagulitsidwa, tinali kukumba matani ngati 250,000 okha, ndipo amuna zikwi-zikwi anali atacotsedwa nchito. Kodi munthu wa ku London uja anagona ndi njala? Ai, anagona ndi njala ndi inu.

Cimene cindipweteka ine ndi ici. Mu 2005 anatikhululukira ngongole zambiri, ndipo mtengo wa mkuwa unali kukwera cifukwa China anali kugula kwambiri. Imeneyo inali nthawi yodzaza nkhokwe. Koma mu 2012 tinakongolanso madola 750 miliyoni pa misika ya kunja, tinaonjezanso mu 2014 ndi mu 2015, ndipo mu November 2020 dziko linalephera kubweza. Dzenje limodzi, kugweramo kawiri!

Dziko la Chile, ku South America, likumba mkuwa wambiri koposa ife, ndipo mtengo wao aupangira ku London komweko. Iwo mu 2007 anatsegula thumba losungiramo ndalama za zaka zabwino. Nduna yao ya cuma, a Andrés Velasco, anthu anaitukwana kuti ndi youma manja. Koma mtengo utagwa kumapeto kwa 2008, anamasula thumba lija mu 2009, napatsa anthu nchito zomanga ndi thandizo kwa mabanja osauka. Otukwana aja anasanduka oombera m'manja.

Cifukwa cace, akabwera ofuna voti yanu, musawafunse za citenje ndi cakumwa. Afunseni kuti pa ndalama za mkuwa za caka cino mwasunga zingati, ndipo mwazisunga kuti? Afunseninso za waya. Ku Luanshya kuli fakitale ya ZAMEFA yopanga waya wa magetsi ndi mkuwa wathu, koma mkuwa wocuruka ucoka m'dziko muno pa malole osapangidwa kanthu. Akuuzeni kuti fakitale ina adzaimanga liti, ndipo idzalemba anyamata ndi atsikana angati a m'komboni muno.