Kumvana pa Nchito: Anyasa a ku Harari

Nkhani ya lero iri ya anthu a ku Nyasaland amene anapita kukafuna nchito ku Salisbury, mzinda umene m'caka ca 1982 unapatsidwa dzina lakuti Harare. Ena anafika pa malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, ndipo anakhala ku Harari, kumene lero ndi ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose ndi ku Mabvuku.

Bvuto loyamba la mlendo linali cinenero. Bwana ndi kapitao ankalankhula naye m'Cilapalapa, cinenero ca malamulo okhaokha: buya lapa, hamba, aikona. Ndi mau otere munthu angathe kutumidwa, koma sangathe kulongosola cifukwa cace makina aima, kapena kufunsa mwaulemu za ndalama zimene zasowa pa malipiro ace. Tsono ambiri, poopa kuoneka opusa, ankabvomera msanga cinthu cimene sanacimve. Kubvomera kumeneku kunali koopsa, pakuti lamulo la Masters and Servants la 1901 linkayesa kusamvera bwana ngati mlandu wa kukhoti. Munthu wolakwa cifukwa ca kusamva ankaoneka ngati wamwano, ndipo ankatha kulipitsidwa kapena kumangidwa.

Cishona naco cinali ndi misampha yace, makamaka cifukwa cifanana ndi Cinyanja. Mshona akati pinda, ndiye kuti lowa. Mnyasa wocapa zobvala, pakumva mau omwewo, ankayamba kupinda nsaru, mnzace ali kumdikira pakhomo. Chete kwa Mshona ndi "basi, zokhazo", pamene kwa Mnyasa ndi kutseka pakamwa. Kuenda ndi kupita, si kuyenda ai. Ndipo ndarama ndi golide. Za m'thumba Ashona amati mari. Izi zingaseketse, koma pa nchito ya anthu awiri onyamula citsulo colemera, mau amodzi osamveka athyola mwendo.

Macona okhalitsa anali ndi njira yao, imene ankaphunzitsa obwera kumene madzulo m'nyumba za Matapi. Wotumidwa asacoke msanga; ayambe wabwereza mau a womtuma, namchulira ciwerengero ndi malo, kuti ngati pali colakwa cioneke nchito isanayambe. Wokhala ndi dandaulo asalinene pakati pa gulu, koma apemphe kapitao pambali, ndipo achule cinthu cimodzi cokha. Moni wa Cishona, mangwanani m'mawa ndi masikati masana, auphunzire tsiku loyamba, pakuti mnzako amene wamlonjera m'cinenero cace sacedwa kukumasulira zimene bwana wanena.

Zidzukulu za anthu amenewa lero zigulitsa malonda pa Mbare Musika ndi kusula zitsulo pa Siyaso, ndipo zambiri zilankhula Cishona koposa Cinyanja. Cilapalapa cinazirala ufulu utafika mu 1980. Malamulo akuru a Zimbabwe a 2013 anawerengera Cicewa pakati pa zinenero 16 zobvomerezeka ndi boma.