Kwaya Ikapanda Kumveka, Musakweze Besi

Mau amene mnzathu wina analankhula pa msonkhano wa ophunzira akale

Ambiri mwa inu muli m'makomiti a mipingo ndi a maukwati kuno kwa Njewa, ku Mpingu mpaka ku Nsaru. Mumalipira zokuzira mau, koma chimene anthu amamva ndi phokoso lokhalokha.

Paja tinaphunzira kuti mau ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo muyeso wake ndi hertz. Khutu la mwana limamva kuyambira 20 mpaka 20,000. Ife a imvi za pamwambazo tinataya kale. Koma liu siliyenda lokha. Nsambo ya gitala yolira pa 110 imaliranso pa 220, 330, 440 ndi kumapitirira. Ana a liu amenewa pa Chingerezi amati harmonics, ndipo ndiwo amasiyanitsa gitala ndi munthu ngakhale onse aimbe liu limodzi. Lamya zakale zija zinkadutsitsa 300 mpaka 3,400 basi, komabe besi ya amalume anu munkaizindikira, chonsecho tsinde la mau awo lili pansi pa 300. Khutu linkamva anawo n'kudziwa kholo lake.

Tsono anyamata athu akaona kuti kwaya sikumveka, amathamangira kukweza besi. Nanenso ndinachitapo zimenezi pa ukwati wina ku Kabudula, mpaka ankhoswe anachita kulangiza mkwati mofuula, makina atazimitsidwa. Manyazi ake sindidzaiwala.

Zilembo monga t, k ndi s, zimene zimamveketsa mau, zimakhala cha pa 2,000 mpaka 5,000, ndipo besi ikachuluka imazikwirira. M'tchalitchi cha malata ndi simenti, mau amakonda kuunjikana cha pa 200 mpaka 400. Tsitsani pamenepo pang'ono, mudzamva kwaya ikuyera musanakweze china chilichonse. Achikulire oimba ng'oma amadziwa kale: amaiwamba pamoto kapena kumata phula pang'onopang'ono, akumvetsera.

Mukamva kung'ung'udza kosalekeza, kawirikawiri ndi magetsi, amene kuno ndi a 50. Naonso ali ndi ana pa 100 ndi 150, choncho kutsitsa 50 yekha sikuthetsa vutolo. Yang'anani mawaya ndi earth.

Pempho langa ndi ili: mnyamata wa makina afike kukadali ola limodzi, kwaya iimbe, wina wa komiti akaime kumbuyo kwenikweni n'kunena ngati akumva mau a nyimboyo.