Makina a MRI sayenda ndi riboni: tikambe za helium



Mwezi wathawu mchimwene wa mnzathu wina wa m'gulu lino, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto, anagwa pafupi ndi pa Chitakale. Miyendo inachita dzanzi. X-ray imaonetsa bwino mafupa, koma adokotala amafuna kuona ngati mtsempha wa m'kati mwa msana wapanikizika, ndiye anati pakufunika MRI. M'boma lathu lonse mulibe makina amenewo. Banja linakongola ndalama ya mayendedwe mpaka mtauni, kukafika n'kuuzidwa kuti makina sakugwira ntchito, akayese kolipira. Atamva mtengo wake anangobwerera naye kumudzi. Mpaka pano ali gone.

Palibe anawauza chifukwa chake. Ndiye ife, poti digiri tili nayo koma ntchito tilibe, nthawi ndiye mbwee, tinakhala pansi kufufuza zimene zimaimitsa makinawa. Pali magetsi, pali zipangizo zosinthira, komanso pali chinthu china chimene sichitchulidwa: mpweya wa helium. Inde, womwe uja amapopera m'mabaluni a pa ukwati.

M'kati mwa MRI wamkulu muli maginito amphamvu kwambiri. Kuti mawaya ake agwire ntchito, amayenera kuzizira kufika madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo chimene chimawaziziritsa ndi helium wamadzi. Makina amtundu wakale amafuna malita pafupifupi 1,500. Choziziritsira chikaima nthawi yaitali chifukwa cha kuthima kwa magetsi, helium amayamba kuwira n'kuthawa. Kumbukirani mmene tinakhalira mumdima namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Helium akathawa sabwerera, ndipo palibe fakitale imene imamupanga: amachita kumulekanitsa ku gasi wa pansi pa nthaka.

Msika wake uli m'manja mwa mayiko ochepa: America, Qatar, Algeria ndi Russia. Mu 2017 anansi a Qatar atatseka malire, mafakitale a helium kumeneko anaima kwa kanthawi, dziko lonse linamva kuwawa. Mu Januwale 2022 moto unabuka pa fakitale ya Amur ku Russia, mpweyawu unasowanso. Mu 2024 boma la America linagulitsa nkhokwe yake ya helium ya ku Texas kwa kampani ya Messer. Helium akasowa, ogulitsa amayamba kaye ndi makasitomala awo akuluakulu. Nanga ife amene timagula ndi ndalama zakunja zomwe tilibe, kwacha yathu itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tili pati pa mzerewo? Kumapeto kwenikweni.

Koma musataye mtima, chifukwa njira zilipo, ndipo zina zinayesedwa konkuno. MRI woyamba m'Malawi anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, kudzera mu ntchito ya Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University yofufuza malungo ogwira ubongo mwa ana. Makinawo anali a maginito osafuna helium. Anthu ena akanati ndi ofooka, koma ndi omwewo anaonetsa, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2015, kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo amenewa amakhala atatupa ubongo kwambiri. Pa chipatala chomwecho anayesanso kamakina koyenda pa matayala ka kampani ya Hyperfine, kojambula mutu, kolumikiza pa soketi wamba, kopanda helium. Ngakhale makina akuluakulu asintha: Philips inatulutsa mu 2018 makina ofuna malita 7 okha, otsekeredwa m'kati moti safuna kuwonjezera.

Chinanso: helium ali pafupi nafe. Mu 2016 asayansi a ku Oxford ndi Durham analengeza kuti apeza helium wambiri m'chigwa cha Rukwa ku Tanzania. Ku South Africa kampani ya Renergen inayamba kutulutsa helium wamadzi ku Free State mu 2023. Tonse tili mu SADC. Ife a ku Mulanje tikudziwa mmene tiyi amachokera pakhomo pathu n'kukakomera ena kutali. Helium wa m'chigawo chino asayende njira yomweyo zipatala zathu zikusowa.

Ndiye tikufuna zinthu zitatu basi.

Choyamba, Unduna wa Zaumoyo utiuze: makina a MRI m'zipatala za boma alipo angati, akugwira ntchito ndi angati, ndipo mgwirizano wowakonza uli ndi ndani. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020. Kufunsa si mwano.

Chachiwiri, boma likamagula kapena kulandira makina, lisamangoona mtengo wa tsiku lodula riboni. Liwerengere helium, magetsi odalirika ndi kukonza kwa zaka khumi, ndipo liyambe kaye laganizira makina osadya helium wambiri.

Chachitatu, MUST pa Thyolo pompa ndi MUBAS ku Blantyre zikuphunzitsa mainjiniya a zipangizo za m'chipatala. Anzathuwa alembedwe ntchito, aphunzitsidwe makinawa, tisamadikire munthu wokwera ndege kuti adzamange waya.

Kalata tailemba kale, ikupita kwa aphungu athu a Mulanje ndi ku khonsolo. Ngati m'bale wanu anabwezedwapo chifukwa makina anafa, tiuzeni mwezi ndi zimene anauzidwa, dzina musatchule. Nkhani ya munthu mmodzi amaitcha tsoka, koma zikachuluka amayankha.

Tumizani uthengawu ku magulu anu. Mchimwene uja akudikira.