PHEWA LOUMA PAMBUYO PA KHANSA YA M'BERE

Nkhani ya lero ndi ya amai amene anacotsedwa bere cifukwa ca khansa. Ambiri a iwo, bala litapola, amaona kuti phewa lauma, kotero kuti sangathe kusenza mtsuko, kusinja, ngakhale kumanga duku. Ena amabisa bvutoli poopa kuti nthenda yabweranso. Kubisa kotere nkoipa.

Zoumitsa phewa nzambiri. Dotolo pocotsa bere kawirikawiri amacotsanso anabere a m'khwapa, ndipo cipsera cimakoka khungu. Makina oochera khansa nawonso amalimbitsa minofu ya pacifuwa. Ndiponso mai akaleka kuyendetsa mkono poopa ululu, kathumba kokuta mfundo ya phewa kamakhuthala ndi kuthina. Koma nthawi zina ululu umadza cifukwa khansa yalowa m'mafupa. Pofuna kusiyanitsa zimenezi, dotolo amayamba wapima phewa ndi manja, ndipo akaona cokaikitsa amalijambula.

Mwa makina ojambulira, pano tichula mitundu itatu. Oyamba ndi X-ray, amene anatulukiridwa ndi Wilhelm Röntgen ku Germany m'caka ca 1895. Amenewa amaonetsa mafupa. Aciwiri ndi sikani, yonga ija amaunikira amai apakati. Imaonetsa minofu ndi mitsempha ngati yatupa kapena yang'ambika. Acitatu ndi MRI, ogwira nchito ndi maginito amphamvu. Amaonetsa bwino kathumba kaja. Amenewa amapezeka m'zipatala zazikulu zowerengeka, ndipo wodwala ayenera kunena ngati ali ndi citsulo m'thupi. Kujambula konseku sikupweteka ai.

Nthawi zambiri cithunzi cimaonetsa kuti khansa siinabwerere. Pamenepo mankhwala akulu ndiwo kuyendetsa mkono monga anamwino alangiza. Mai aimirire moyang'ana cipupa, nayendetse zala zace kukwera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Phewa louma kwambiri lingatenge caka kapena zaka ziwiri lisanamasuke, motero pafunika cipiriro.

Mkono wa mbali yocotsedwa anabere usatemedwe mphini, pakuti cilonda ca pamenepo cimatukusira msanga ndi kutupitsa mkono wonse. Ululu wosaleka ngakhale usiku, kapena cotupa catsopano, zifunika kuonetsedwa ku cipatala mosacedwa.

Abambo athandize akazi ao nchito zolemetsa ndi kuwaperekeza ku cipatala. Aphunzitsi nawonso afotokozere mau awa anthu osadziwa kuwerenga.