Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chionetsero cha Sayansi



Ndisanadule riboni, ndiloleni ndikambe za mpweya wozizira kuposa chilichonse chomwe munachikhudzapo. Mu 1995, ku Boulder m'dziko la America, a Eric Cornell ndi a Carl Wieman anaziziritsa maatomu a rubidium mpaka kutsala kachidutswa kosaoneka kuti afike pa -273.15°C, pomwe kuzizira kumathera. Akazizira chotero, maatomu amasiya kukhala ngati timipira. Amayenda pamodzi ngati funde limodzi.

Nanga fundelo likakumana ndi zopinga zomwazikana mwachisawawa? A Philip Anderson anali atayankha kale papepala mu 1958, poganizira za maelekitironi m'zinthu zolimba zosayera bwino. Anati funde likagunda zopinga zoterozo limagawikana, zigawozo n'kumathetsana zikamaloza kutsogolo, monga mmene mafunde awiri okumana padziwe amafafanizirana. Mapeto ake funde limaima pomwepo, ngakhale lili ndi mphamvu zokwanira kudumpha chopinga chilichonse. Apa m'pamene pamandisangalatsa, chifukwa nzeru zathu za tsiku ndi tsiku zingati lingochedwa basi.

Panapita zaka 50 kuti izi zioneke ndi maso pa maatomu. Mu 2008, gulu la a Alain Aspect ku Palaiseau, ku France, linawalitsa laser kudzera pagalasi lokhakhala. Kuwalako kunatuluka kuli mathothomathotho, pena powala pena pamdima, ndipo mathothowo ndiwo anakhala zopinga. Atamasula maatomu m'kanjira kopapatiza, anafalikira pang'ono, kenaka anaima nji! Chaka chomwecho ku Florence, gulu la a Massimo Inguscio linaona zofanana pa maatomu a potassium, litagwiritsa ntchito maginito kuti maatomuwo asakankhane.

Kukankhanako ndiko kukuzunguzabe mitu. Mu 2015 ku Munich, gulu la a Immanuel Bloch linandandalika maatomu okankhana modumphitsa malo amodziamodzi. Popanda chisokonezo cha zopinga mndandawo unafafanizika msanga, koma chisokonezo chitakula unaonekabe. Ngati umakhala choncho mpaka kalekale, makamaka m'malo otambalala, akatswiri akutsutsanabe, ndipo ndikulakalaka wina mwa inu ana anga adzalowe nawo m'mtsutsowo.

Tsopano ndikulengeza kuti chionetsero chathu chatsegulidwa.