KUBWEZA NGONGOLE NDI KUSUNGA CUMA CA PA BANJA

Mau a kwa alimi a ku Mkaika ndi a m'midzi ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi pa nyengo yogulitsa zokolola



Mlimi alandira malipiro ace kamodzi kokha pa caka. Mphunzitsi kapena kalaliki wa pa boma la Katete alandira mwezi ndi mwezi, ndipo akaononga ndalama mwezi uno akhoza kukonza mwezi wa mawa. Koma mlimi akagulitsa cimanga, nshawa, soya ndi thonje m'miyezi ya June, July ndi August, ndalama zimenezo pamodzi ndi cimanga cotsala m'nkhokwe ziyenera kusunga banja kufikira dzinthu zitaca m'munda mwezi wa April. Nthawi yomweyo eni ngongole afika pakhomo. Nthawi yomweyonso mwambo wa Kulamba, umene ucitika kuno ku Mkaika Loweruka lotsiriza la August pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ufuna zobvala zatsopano ndi cakudya ca alendo ocokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Tsono mabanja ambiri afunsa kuti: kodi munthu ayambe wabweza ngongole, kapena ayambe wasunga?

Yankho lace ndi lakuti nchito ziwirizi ziyenera kucitika pamodzi, ndipo tsiku lozikonza ndi tsiku limene matumba awerengedwa, ndalama zisanalowe m'thumba.

KUMENE NGONGOLE IBADWIRA

Ngongole zambiri za m'mudzi zibadwa m'miyezi ya January ndi February. Pamenepo nkhokwe ikhala itauma, cimanga ca pa msika cikhala cokwera mtengo, malungo acuruka, ndipo ana afuna mabuku ndi yunifomu. Bambo apita kwa mwini kaloba, kapena iye ndi mkazi wace asiya munda wao uli ndi udzu nakagwira ganyu m'munda wa mnzao kuti apeze mbale ya ufa. Munda wosapalirawo ubala pang'ono, ndipo caka cotsatira njala ifika msanga koposa kale.

M'zaka za 2014 ndi 2015, Dr Felix Masiye wa pa University of Zambia ndi anzace anayesa nkhani imeneyi m'midzi 175 ya m'boma la Chipata. Mabanja ena anawabwereka K200 kapena matumba atatu a cimanga mwezi wa January, kuti atakolola abweze K260 kapena matumba anai. Mabanja amene analandira thandizolo anacepetsa ganyu, nagwira nchito yambiri m'minda yao, ndipo zokolola zao zinacuruka. Phunziro lace ndi lakuti matumba atatu opezeka m'nyumba mwezi wa January apulumutsa munda wonse. Banja limene lidzisungira lokha matumba atatuwo silibweza lacinai kwa munthu ali yense.

Cifukwa cace mlimi amene agulitsa nkhokwe yonse kuti amarize ngongole zace zonse tsiku limodzi sanathe ngongole ai. Wangoisunthira ku January, kumene adzakongola pa mtengo woipa. Nayenso amene akwirira ndalama m'nyumba pamene kaloba ilikukula mwezi ndi mwezi alikutunga madzi ndi dengu.

KUWERENGA ZINTHU ZOIWALIKA

Poyamba mwamuna ndi mkazi wace akhale pansi onse awiri, ndipo ali yense aulule ngongole zimene ali nazo, ngakhale ya ku mowa ndi ya citenje. Ngongole yobisika ndiyo imene ipasula banja pamene mwini ndalama afika kudzatenga njinga kapena mbuzi. Mwana wa sukulu alembe m'kabuku dzina la mwini ngongole, kucuruka kwace, ciongoladzanja cace ndi tsiku lobweza.

Atatero awerenge zonse zimene zidzafuna ndalama kufikira April, mwezi ndi mwezi. Apa ndipo anthu ambiri aphonya. Kafukufuku wina wa pambuyo pace, wocitika m'midzi ya cigawo cino ca kum'mawa, anapeza kuti alimi poganiza za ndalama zimene adzamwaza akumbukira theka lokha. Feteleza ndi mbeu sawaiwala. Zimene aiwala ndi zazing'ono ndi zadzidzidzi: cigayo, mcere, sopo, ulendo wa ku cipatala ca St Francis, maliro, mlendo. Alimi amene anathandizidwa kukumbukira zimenezi m'magulu-magulu, popanda kupatsidwa ngwee ngakhale imodzi, analowa m'nyengo ya njala ali ndi cuma ca mwezi wina wathunthu kuposa anzao.

CITSANZO CA BANJA LIMODZI

Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi limene lakolola matumba 40 a makilogalamu 50. Ngati lidya thumba limodzi ndi theka pa mwezi, lifuna matumba 18 pa caka. Amenewa aikidwe padera asanaganize za cina ciri conse, ndipo aonjezepo matumba 2 a maliro ndi alendo. Otsala ogulitsa ndi 20. Pa mtengo wa K340 pa thumba, umene Food Reserve Agency inalengeza mu 2025, banjali lipeza K6,800.

Tiyerekezenso kuti liri ndi ngongole zitatu. Yoyamba ndi kaloba ya K1,000 imene ibala K30 pa K100 iri yonse pa mwezi. Yaciwiri ndi K1,500 ya ku banki ya m'mudzi imene ibala K10 pa K100. Yacitatu ndi K600 ya kwa atsibweni, yopanda ciongoladzanja.

Kaloba ija idya K300 mwezi uli wonse, ndiko kunena pafupi-fupi thumba lathunthu la cimanga, pamene ngongole yeni-yeni ikhala ciimire. Imeneyi ibwezedwe yonse tsiku lomwelo, pamaso pa mboni. Ya ku banki ya m'mudzi, ngakhale iri yaikuru, idya K150 pa mwezi. Itsate paciwiri, ndipo ibwezedwe tsiku logawana lisanafike cifukwa ndalamazo ndi za anansi. Ya atsibweni siikula, koma mlandu suola. Banja liwapatse K300 tsopano ndi kupangana nao bwino kuti yotsalayo adzalandira nshawa zikagulidwa. Lamulo lace ndi ili: yambani ndi ngongole imene ikula msanga, osati imene mwini wace alankhula mokweza.

Zitatha izi patsala K4,000. Mwa izi K2,000 ikhale ya munda: K400 monga ija alimi anapereka mu 2024 kuti alandire feteleza ndi mbeu za FISP, ndi K1,600 ya feteleza woonjezera ndi opalira. K1,200 ikhale ya cigayo, mcere, sopo ndi zofunika ku sukulu, ndiyo K100 pa mwezi. K500 itsekeredwe kufikira January, yosakhudzidwa koma pa matenda. K300 yotsala ndiyo ya zobvala ndi cisangalalo ca Kulamba. Mwambo wa makolo uli ndi malo ace m'ciwerengero, koma utenge gawo limene banja lapangana, osati ndalama ya feteleza.

Banja lina lidzakolola matumba 25 okha, ndipo ndalama sizidzakwana ngongole zonse. Dongosolo likhala lomwelo: cakudya coyamba, kaloba paciwiri, munda pacitatu. Ngakhale K20 yokha yoika padera pa mwezi iri ndi nchito, pakuti pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

KUMENE CUMA CISUNGIKA

Banki yoyamba ya mlimi ndi nkhokwe. Cimanga ciume bwino cisanalowe m'matumba, cithiridwe mankhwala monga alangizi a zaulimi anena, kapena ciikidwe m'matumba aja osalowa mpweya amene apha anankafumbwe. Ndi bwino kulemba pa thumba liri lonse dzina la mwezi wace. Munthu acita manyazi kugulitsa thumba lolembedwa February kuti agule wailesi mwezi wa September.

Ndalama zokhala m'nyumba zimva kuitana kwa wogulitsa ali yense wopita pa njira. Cifukwa cace K500 ija ipite kumene dzanja silifika msanga. M'banki ya m'mudzi bokosi likhala ndi maloko atatu, makiyi ace ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo litsegulidwa pamaso pa onse. Mamembala ayenera kufunsa kuti kugawana kudzacitika liti. Gulu logawana mwezi wa November kapena December lithandiza pogula feteleza ndi pokonzekera njala. Komatu munthu asakongole ku gulu kokha cifukwa ndalama ziripo m'bokosi, ndiponso asakongole ku gulu lina kuti abweze ku linzace. Cilimba cithandiza pogula cinthu cacikuru monga malata, koma sicithandiza pa matenda cifukwa munthu ayembekeza nthawi yace. Ndalama za m'foni zisungika bwino kwa mbala ndi ciswe, koma potapa pali malipiro, ndipo nambala yacinsinsi siyenera kuuzidwa munthu woimba foni ngakhale anene kuti ali ku ofesi. Mbuzi ndi nkhuku nazonso ndi nkhokwe, pokhapo mwini akumbukire kuti mwezi wa January ogulitsa acuruka ndipo mtengo utsika.

NGONGOLE YA ULIMI

Ngongole yogulira mbeu, feteleza kapena ng'ombe zolimira isiyana ndi ngongole ya cakudya, cifukwa ikhoza kudzibweza yokha. Akuru-akuru akumbukira kuti kuyambira 1948 alimi a m'mafamu ang'ono a cigawo cino analandira ng'ombe ndi makasu a ng'ombe pa ngongole. Akumbukiranso Credit Organisation of Zambia, imene inatha mu 1970, ndi Lima Bank, imene inatsekedwa mu 1997. Cimodzi ca zifukwa zazikuru za kugwa kwa mabungwewa cinali cakuti ngongole zambiri sizinabwezedwe, ndipo pamene anatha, mlimi wokhulupirika anasowa kokongola pamodzi ndi wosakhulupirika. Momwemonso mlimi amene alandira mbeu ndi mankhwala a thonje ku kampani ina, nagulitsa thonjelo kwina usiku, atseka khomo la iye mwini ndi la anzace a m'gulu.

Zaka zina mvula ikana, monga mu 2024, pamene President Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka. Caka cotere mlimi woona kuti sadzatha kubweza asadikire tsiku la pangano. Apite msanga kwa mwini ndalama pamodzi ndi mboni kapena anyakwawa, apereke kocepa kamene ali nako, napemphe kuti ciongoladzanja ciime ndi kuti masiku atsopano alembedwe pa pepala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsono, mafumu ndi anyakwawa, nkhani iyi ikambidwe m'misonkhano ya midzi misika isanatseguke. Banja liri lonse liwerenge matumba ace, lilembe ngongole zace, lipatule cakudya ca caka conse, ndipo pamenepo ndipo ligulitse. Amene afuna thandizo pa ciwerengero apite kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lao atanyamula kabuku kao.